Nachesi wa Rute

Lolemba, 2 Sepitembala 2024

Andigoneka lero m'chipatala cha pa Boma, wodi ya amuna, bedi loyandikana ndi zenera. Ndine Laimoni, ndimakhala ku Magaleta, ntchito yanga ndi yomezanitsa mitengo ya zipatso. Kope ili wandigulira mwana wanga Clara kuti ndizilembamo za mankhwala, poti iye sangakhale pano masiku onse. Amagulitsa pamsika wa ku Lisungwi, komanso ali ndi khanda kumsana.

Vutoli linayamba mu Juni. Mapazi anachita dzanzi ngati ndikuponda pa thonje. Mu Julayi patapata ankavuka ine osamva. Tsopano lafika m'manja. Zala zikangokhala sizivuta, koma ndikati ndigwire kanthu zimayamba kunjenjemera.

Lachitatu, 4 Sepitembala

Anditenga magazi. Shuga ali bwino, kachilombo mulibe, magazi ndi okwanira. Adokotala, mayi wamtali wolankhula mofatsa, anandimenya pabondo ndi kanyundo ka labala, mwendo osagwedezeka. Anandiuza nditseke maso ndili chiimire. Ndikanagwa pakanapanda anamwino.

Bedi la kumanja kuli a Twaibu, telala wa pakhonde la sitolo pano pa Boma. Ali ndi shuga ndi bala la kuphazi lomwe silikupola. Pakamwa sapuma. Akuti, "Achimwene, inu manja akana, ine phazi lakana. Atatiphatikiza tingatuluke munthu mmodzi wabwinobwino."

Lachisanu, 6 Sepitembala

Anditapa madzi a pamsana. Mutu ukuwawa. Andiuza ndigone chagada.

Lamulungu, 8 Sepitembala

Mutu waleka. Akazi a a Twaibu anabweretsa mpunga wa nyemba, tinagawana. Supuni inkandithawa, nyemba zina zinathera pabulangete.

A Twaibu anandifunsa chimene ndimayang'ana pazenera tsiku lonse. Ndinawafotokozera, ndiye ndilembenso pano.

Mkazi wanga Rute anamwalira mu Okutobala chaka chatha. Ku Magaleta ndine mkamwini, kwathu ndi ku Dambe. Chaka chikakwana abale ake andisudzula monga mwa mwambo, ndibwerera kwathu. Munda, nyumba ndi mitengo yonse zitsala, ndi za mbumba yawo. Sindikudandaula, ndinalowa ndikudziwa.

Koma kuseri kwa nyumba kuli mtengo umodzi wa nachesi. Chaka chimene tinakwatirana, 1991, Rute anadzala njere ya ndimu n'kumaithirira ndi madzi otsala potsuka mbale. Itakula kufika m'bondo, ine ndinaikapo diso la nachesi, kamphukira kosendedwa ndi khungwa lake panthambi, lomwe ndinapempha kwa mkulu wina wa kumalire. Mkuluyo anamwalira kalekale, mtengo wake unapsa ndi moto wolusa. Nachesi wa mtundu umenewo sindinamuonenso kwina: khungu lopyapyala, njere zochepa, wotsekemera ngakhale asanapse bwino. Anthu amangoti manachesi a Rute. Ndinayesa kugawira ena maso ake zaka zapitazo, koma mbuzi ndi chilala sizinasiye ndi umodzi womwe.

Tsopano mtengowo ukuuma kuyambira kunsonga, patsinde ukutuluka utomoni. Mtengo sindinganyamule, koma diso ndinganyamule. Mbande zitatu za ndimu ndinakonza kale m'machubu. Changotsala ndi manja.

Lachiwiri, 10 Sepitembala

Zotsatira zabwera. M'madzi a pamsana mulibe tizilombo, koma mapuloteni achuluka. Andiyambitsa puredinisoloni, mapiritsi khumi ndi awiri a mamiligalamu asanu, m'mawa ndikadya phala. Awonjezera kapisozi mmodzi woteteza m'mimba.

Adokotala anakhala pamphepete pa bedi n'kujambula kuseri kwa buku langa la chipatala. Akuti vuto lili m'mitsempha, osati ya magazi ayi, koma yonyamula uthenga kuchokera kumsana kupita ku zala. Mtsempha uliwonse ndi wokutidwa, koma chokutiracho sichiyenda mosalekeza. Chili m'zigawo ngati nzimbe, ndipo pakati pa zigawo pali kampata. Uthenga umadumpha kuchoka pakampata aka kufika pa kena, n'chifukwa chake umafulumira.

"Nanga chokutiracho chimagwira bwanji osavuka?" ndinafunsa.

Iwo anati pali mapuloteni omatira, ntchito yake ngati ulimbo.

"Uli pati ulimbo umenewo?"

Anaseka pang'ono. Akuti odwala ambiri amafunsa kuti achira liti, osati kuti zili pati. Kenako anaika timadontho pachithunzi. Akuti ena ali mkati mwa chokutira chenichenicho, kumata mapindo ake kuti asamasuke. Ena ali m'bongo ndi mumsana, pamene mtsempha ukumana ndi unzake, kuti ziwirizo zisatayane. Ndipo ena ali mbali zonse ziwiri za kampata kaja, pamene mlomo wa chokutira ukhudza mtsempha. Pamenepo mtsempha umatulutsa ake, chokutira chimatulutsanso ake, n'kugwirana. Ndinawapempha andilembere maina. A kumtsempha ndi kontakitini ndi kasipa, a kuchokutira ndi nyurofasini.

Akuganiza kuti asilikali a m'thupi mwanga asokonezeka, akumenya pamlomo pamenepo. Chokutira chikadalipo koma chafunyulukuka m'mphepete, uthenga ukutayikira panjira. Ananena poyera kuti sangatsimikize, chifukwa kuyeza kwake sikuchitika pano. Akungoona mmene zala zikunjenjemerera ndi mmene ndikuyendera.

"Mapuloteni a m'bongo mwanu ali bwino," anatero. "Madeti onse aja mwanditchulira osaphonya."

Ndinawauza kuti pomezanitsa zilinso chimodzimodzi. Mtengo sugwirana pathabwa, sugwirananso pakhungwa la kunja. Umagwirana pakanthu kopyapyala koterera kali pakati pa ziwirizo. Ukaphonya pamenepo, ngakhale umange bwanji, palibe chimene wachita. Anagwedeza mutu n'kupita kwa wodwala wina.

Ndalemba zambiri. Dzanja latopa.

Lachisanu, 13 Sepitembala

Mankhwala akundipatsa njala ndi kundisowetsa tulo. A William a mafizo ayamba kundiyendetsa pakati pa zitsulo ziwiri. Andipatsa kampira kofinya.

Lamulungu, 15 Sepitembala

Kunabwera alamu anga a Gerishon, mchimwene wake wa Rute, mwinimbumba. Anabweretsa nthochi ndi botolo la thobwa. Ndi munthu wabwino, sitinayambanepo.

"Alamu, tagwirizana kuti mwambo ukhale Loweruka pa 19 Okutobala. Mukakhala musanatuluke, achimwene anu a ku Dambe adzakuimirirani. Sitikukuthamangitsani ayi."

"Ndikudziwa, alamu. Nanga mtengo uja?"

"Wauma mbali ya kumsewu. Kwatsala nthambi imodzi yamoyo pamwamba, ya kudenga la nyumba."

Atapita ndinayesa kusenda nthochi. A Twaibu anayang'ana kumbali mpaka nditamaliza.

Lachiwiri, 17 Sepitembala

Ndinapempha lezala kwa a Twaibu, ndinayesa kusema kamtengo ka bulugamu kamene mlonda ananditolera. Ndadzicheka chala chachikulu. Ndinaona magazi ndisanamve kuwawa. Anamwino andikalipira, alanda lezala.

Lachitatu, 18 Sepitembala

Akulemba lero ndi a Twaibu, ine ndikungonena, chala chili m'bandeji.

Adokotala akuti miyendo ikuonetsa kusintha pang'ono, manja ayi. Ndinafunsa ngati pofika Okutobala ndingagwire mpeni. Anati asandinamize, sakuganiza choncho.

A Twaibu akuti iwo ndiwo amezanitse m'malo mwanga. Akuti munthu amene wasoka masuti a akwati a Neno yense sangalephere kusoka mtengo. Ndawauza kuti si nsalu. Akuti nsalu ya silika ndi yovuta kuposa ndimu wanga.

Ndaimbira Clara pafoni ya a Twaibu. Ndamuuza apite ku Magaleta Loweruka m'mamawa, atenge mbande zitatu zija ndi mpeni wanga uli patsindwi. Pamtengo wa amayi ake adule timitengo tobiriwira bwino, tonenepa ngati pensulo, achotse masamba, akulunge m'nsalu yonyowa, afike nato tsiku lomwelo.

Wolembayo akuwonjezera kuti wodwalayu amalamula ngati kapitawo wa pamsewu.

Loweruka, 21 Sepitembala

Tsiku lovuta. Kuyambira m'mawa mutu ukuzungulira, akuti magazi athamanga chifukwa cha mankhwala. Clara anafika dzuwa lili pamutu, pa njinga yamoto, khanda kumsana, mbande m'beseni. Fumbi mpaka m'nsidze.

"Ababa, ndasankha tokongola tokhatokha. Ndachotsa ndi minga yomwe kuti isakubayeni."

Ananditengera panja pachikuku, kuseri kwa wodi pafupi ndi mpopi. A Twaibu anakhala pa ndowa yovundikira, phazi atalitambasula. Anamwino anatipatsa thonje la sipiriti lopukutira mpeni, fungo lake linadzaza paliponse.

Ndinawauza, "Chekani khungwa mopingasa, kenako motsitsa. Osafika pathabwa."

"Kodi mpingo wanu umalola Msilamu kudula mtengo wachikhristu?"

"Chekani, a Twaibu, diso likuuma."

"Bisimila," anatero, n'kucheka.

Diso loyamba analiboola. Lachiwiri linagwa pansi. Kuyambira lachitatu dzanja lawo linamva. Anasenda diso mopyapyala, analilowetsa pansi pa khungwa, anamanga ndi pulasitiki kuyambira m'munsi kukwera, mwaukhondo kuposa mmene ndimamangira ine. Mbande zonse zitatu zatheka. Clara anaombera m'manja, khanda linadzuka.

Sindinagwire kalikonse. Ndinangoyang'ana.

Lachiwiri, 24 Sepitembala

A Twaibu apita nawo ku fiyeta, awadula zala ziwiri za kuphazi. Wodi yazizira.

Lachinayi, 26 Sepitembala

Adzuka bwino. Mawu oyamba: "Mwathirira ana athu?" Amathirira ndi mayi wina wodikirira wodwala, ndinamupempha asanyowetse pomanga.

Nkhope yanga yatupa. Mapiritsi akadali khumi ndi awiri.

Lolemba, 30 Sepitembala

Ndayenda ndi ndodo ziwiri kuchoka pabedi kufika pakhomo. A William akondwa. Mabatani a malaya akundikanikabe.

Ndinalota Rute akusenda nachesi pakhonde, makoko akuponyera nkhuku. Sanandiyang'ane.

Lachisanu, 4 Okutobala

A Twaibu atuluka. Andisiyira kapu yawo ya chigwiriro chachikulu, akuti ndi yosavuta kugwira. Akuti azibwera Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti, osati kudzaona ine, koma ntchito ya manja awo.

Pabedi lawo abwera ndi mkulu wina wosalankhula.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Achepetsa mankhwala, tsopano mapiritsi khumi. Ndinafunsa adokotala ngati ulimbo uja umabwerera. Akuti thupi limapanga wina asilikali akaleka kumenya, koma pamene mtsempha weniweniwo wavulala kwa nthawi yaitali, pamachedwa, mwinanso osabwerera. Akuti alipo mankhwala ena amphamvu a mudiripi amene amathandiza ena, alembera anzawo ku Blantyre kufunsa, koma ndisaike mtima pamenepo.

Lero ndi tsiku limene Rute anatisiya. Sindinauze aliyense mu wodi.

Loweruka, 12 Okutobala

Masabata atatu akwana. A Twaibu anabwera dzulo pa ndodo, ndinawauza adikire lero, abweranso. Amasula pulasitiki. Diso limodzi lada, lafa. Awiri ndi obiriwira, khungwa latseka bwino m'mphepete. Agwira.

Ndinawauza adule mutu wa mbande pamwamba pa diso kuti mphamvu yonse ipite pamenepo.

"Achimwene, mukulira?"

"Ndi mankhwalawa."

"Eya, amatero mankhwala amenewo."

Lolemba, 14 Okutobala

A Gerishon anabwera kudzanenanso za mwambo. Anazungulirazungulira, kenako anafika pamfundo.

"Alamu, nkhuni zavuta, anthu adzakhala ambiri. Komanso mtengo uja wapendekera kudenga, mphepo ya mvula yoyamba ikhoza kuugwetsera panyumba. Koma sitingaukhudze inu musananene. Nthambi ija ikadali ndi masamba."

Ndinawatengera kuseri kwa wodi, ndinawaonetsa maso awiri aja.

"Nachesi wa alongo anu ndi uyu. Uko kwatsala nkhuni basi. Dulani."

"Mwatsimikiza, alamu?"

"Dulani. Aphikire anthu ake komaliza."

Anandigwira dzanja nthawi yaitali. Ndinkaona kuti andigwira, koma kumva kwake kunali ngati ndavala magolovesi.

Loweruka, 19 Okutobala

Andisudzula lero, ine ndili pabedi. Clara anaimba madzulo. Akuti zonse zayenda bwino, achimwene analandira mawu m'malo mwanga, katundu wanga wapita kale ku Dambe. Akuti utsi wa nkhuni zija unkanunkhira bwino mpaka amayi ena analira.

Zaka makumi atatu ndi zitatu. Katundu wakwana pangolo imodzi.

Lachitatu, 23 Okutobala

Mapiritsi asanu ndi atatu. Maso a pambande aja atupa, ayamba kusuzumira.

Lamulungu, 27 Okutobala

Mkulu wosalankhula uja wamwalira m'mawa. Kunja kukutentha kwambiri. Ndasuntha mbande kuti zikhale mumthunzi, ndinachita kuzikankha ndi ndodo.

Lachitatu, 30 Okutobala

Zaphuka zonse ziwiri. Timasamba tikadali topindika, tofiirira.

Sindikukonda mtundu umenewu. Mwina ndi dzuwa.

Lachisanu, 1 Novembala

Masamba atambasuka. A Twaibu anafika ndi mandasi, anandipeza ndakhala pachikuku pafupi ndi mpopi.

Ndinawapempha aone ngati mphukirayo ikuchokera padiso limene anaika, kapena pambali. Anagwada movutikira. Akuti padiso penipeni, zonse ziwiri.

"Thyolani tsamba limodzi, mulitikite, mundinunkhitse."

Anatero. Asanafikitse pamphuno panga anali atamva kale okha.

"Achimwene, kodi nachesi amanunkhira chonchi?"

"Ayi."

"Ndalakwitsa ine?"

"Inu mwasoka bwino. Nsalu ndiyo ina."

Ndi ndimu. Taika ndimu pa ndimu.

Mtengo womezanitsa uli pawiri. Pamwamba pa mfundo ndi nachesi, pansi pake ndi ndimu mpaka kumizu. Mutu ukayamba kufa, tsinde limatulutsa mphukira zonenepa, zobiriwira, zaminga. Aliyense wogwira ntchito imeneyi amadziwa kuti zimenezo sadula. Ine ndinazolowera kwambiri moti sindinaganize kuti n'zofunika kunena. Ndinati tobiriwira, tonenepa. Sindinati pamwamba. Mwana ananena za minga, ine ndinamva, koma mtima unali pa mpeni.

A Twaibu sanaseke tsiku lonse. Mandasi tinapatsa ana a mu wodi ya pafupi.

Loweruka, 2 Novembala

Ndaimbira a Gerishon kufunsa ngati pali kanthambi kalikonse kanatsala. Akuti zonse zinapsa tsiku lomwelo. Chitsa anadula chapansi kuti ana asamapunthwe. Chayamba kuphuka, akuti, mwina ndingakondwe kumva.

Ndinathokoza.

Lolemba, 4 Novembala

Sindinapite ku mafizo. A William anabwera okha, anakhala pang'ono, anapita.

Lachitatu, 6 Novembala

Adokotala akuti ndituluka Loweruka. Mapiritsi asanu ndi limodzi tsiku lililonse, kuchepetsa limodzi pakatha masabata awiri, kubweranso pa 4 Disembala. Ku Blantyre sanayankhe. Miyendo ikhoza kupitiriza kulimba. Za manja anati tiziona.

Anafunsa za mitengo yanga, poti wodi yonse inkaidziwa nkhaniyi. Ndinawauza kuti yagwira bwino, pomatira pake palibe vuto, koma tinatenga malo olakwika. Anatseka buku langa n'kuliika m'manja mwanga mosamala.

A Twaibu anabwera madzulo, ndawapatsa mpeni. Anakana kawiri. Akuti ausunga kufikira nditaufuna.

Loweruka, 9 Novembala

Clara anabwera kudzanditenga. Pomanga katundu anathamangira kuseri kwa wodi, anabwera atanyamula mbande ziwiri zija m'beseni, nkhope yowala.

"Ababa, taonani mmene zakulira. Kodi zidzayamba liti kubereka?"

"Zaka zitatu. Clara, timitengo tija unadula pati?"

"M'munsi, patsinde. Pamwamba panali ponyozoloka, masamba achikasu. Pansi ndiye panali tonenepa ngati mmene munanenera." Anandiyang'ana, kumwetulira kunatha. "Ndinalakwitsa, eti?"

A Twaibu anali ataima pakhomo, anayamba kuyang'ana ndodo yawo.

Ndinamuuza zoona, chifukwa pakatha zaka zitatu mtengo ukanamuuza wokha. Ndinati nachesi uja wapita, ndipo wosanena bwino ndine. Anakhala pansi pa simenti, khanda kumsana, n'kubisa nkhope m'chitenje. Ndinamusiya alire. Kenako ndinamuuza zimene sankadziwa, poti anabadwa mtengo uli kale wautali: kuti nachesi ndinabwera naye ndine, mlendo ngati ine ndemwe. Njere ya pansiyo anadzala ndi amayi ake, ndi manja awo, n'kumaithirira ndi madzi otsukira mbale.

"Ndiye mandimu awa ndi a amayi?"

"Ndi a amayi ako enieni. Wowawasa, waminga, wosafa msanga."

Anaseka akulira. Akuti amayi akanamva akanandithira madzi a mbalewo.

Mtengo umodzi atenga iye ku Lisungwi. Winawu ndaukhazika pamiyendo, tikudikira galimoto ya ku Dambe. Chubu sindikuchimva m'manja, ndiye ndikuchiyang'anitsitsa kuti chisagwe. Ndathyola tsamba limodzi ndi mano. Fungo lake ndi lija la m'manja mwa Rute chaka choyamba, ndisanabwere ndi mpeni wanga.